Mwana wanga bambo ake akakhalapo ndi mngelo, akangochoka ndi mbava. Chikwapu chikuthandiza kapena chikuononga?

Mayi_wa_awiri (Matawale)

Moni nonse anthu a pa Zomba. Ndabwera ndi nkhani ya pakhomo panga mundithandize nzeru, musandiseke chonde. Ndili ndi ana awiri, wamkulu ndi mnyamata wa zaka 12 ali Sitandade 7, wamng'ono ndi mtsikana. Ine ndimagulitsa kaunjika mumsika waukulu, kuchoka mmamawa kubwera dzuwa litalowa, bambo awo amagwira ntchito ku Lilongwe amabwera kumathero a mwezi basi. Masana anawa amakhala ndi mayi anga amene tinakawatenga ku Jali chifukwa cha BP.

Vuto ndi mnyamatayu. Bambo ake ndi munthu wa lamba, iwowo anakulira m'malayini bambo awo anali msilikali, nde kwa iwo mwana sayankha, mwana safunsa kuti chifukwa chani, ukalakwa gona pansi basi. Akafika Lachisanu amadya kaye kenako nkundifunsa kuti mwezi uno walakwa zingati, ine nkunena, nde Loweruka mmawa pakhomo pamakhala khoti. Masiku amenewo mwanayu mutamuona simungakhulupirire, amadzuka yekha kusesa, madzi a bambo ake kupititsa kubafa, akaitanidwa amayankha atagwada, maneba mpaka amandiyamikira kuti koma mayi mwalera. Akangokwera basi Lolemba nkhani ndi ina. Ndalama zikusowa mchikwama changa, K500, K1000, sabata yathayi K5000 yathunthu, ndipo ukamufunsa amakana maso ali gwa mpaka kulumbira kutchula Mulungu. Amabwera kutada akuti anali ku sitade pomwe anzake anandiuza kuti amakhala ku vidiyo shoo kuonera mpira. Ndikati ndimukalipire agogo ake amamukokera kuchipinda kwao, eti "asiyeni amuna angawa", nkumupatsa mbatata yootcha.

Ine mtima wanga sulola kumenya, ndimangolalata mpaka mawu kusasa. Koma ndikaonanso anzathu a mumpanda womwewu ana ao sanalawepo chikwapu ndipo mwano wake eeh, mwana kutumidwa mchere kuokala nkuwayankha mayi ake kuti nanga inu miyendo mulibe. Nde ndasokonekera. Amuna anga akuti ndine ndikumuononga ndi kufewa kwanga, mayi anga akuti ndi lamba akumuumitsa mtima. Inu amene munalera ana mpaka kukula, khalidwe la mwana limachokera pati kwenikweni, pa nkhanza kapena pa kumusiya?

Madala_a_ku_Sadzi

Mayi pepani ndi zimenezi. Ine ndi wakale, zidzukulu ndili nazo ndipo foni inoyi anandiphunzitsa ndi iwo omwewo, nde ndiyankhula monga wakale.

Mmera mpoyamba. Mwana osamuongola ali wamng'ono mudzalira naye ali ndi ndevu. Ife tinakula nthawi ya Kamuzu, Zomba ino ikadali likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo mwana aliyense wa sukulu ankaloweza ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kunali mpaka lamulo la kavalidwe la 1973, mzimayi osavala thalauza, siketi iphimbe maondo, mnyamata osasunga tsitsi lalitali. Sindikunena kuti zonse zinali zabwino ayi, nkhani ya makhadi a chipani ndi zomwe ankachita a Payoniya aliyense akuidziwa, koma mwana ankadziwa malo ake. Ukatukwana panjira munthu wamkulu aliyense olo osamudziwa ankatha kukukwapula pompo, ndipo sunkayerekeza kukanena kunyumba chifukwa kumeneko ukanakalandira zina. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mawu amenewa ankagwira ntchito zenizeni. Itabwera referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 anthu anamva mawu oti ufulu nkuwatenga molakwika, lero ukadzudzula mwana wa neba madzulo mayi ake ali pakhomo pako atamanga chitenje mchiuno.

Nde ine chikwapu sindichikana. Koma amuna anuwo akulakwitsa, ndipo ndikanakhala nawo pafupi ndikanawauza pamaso. Bambo anga malemu ankakwapula, koma tsiku lomwelo walakwalo. Ankakutuma wekha kuti ukathyole kamtengo, nde ulendo wopita kukathyolawo unkayenda ukuganiza zomwe wachita, ukabwera ankakufunsa kaye kuti ukudziwa chomwe ndikukukwapulira, unene ndi pakamwa pako, akakupatsa ziwiri zitatu ku miyendo nkhani yatha, madzulo akuitana mudye mbale imodzi ndipo sazaitchulanso. Izi zosunga milandu mwezi wonse mwana nkumalandira chilango pakutha pa mwezi ngati salale ine sindinazionepo. Mwana wa zaka 12 pofika pa 30 wayiwala kale zomwe anachita pa 4. Chomwe akuphunzira apo ndi kalendala basi, kuti masiku oopsa ndi atatu ena onsewo ndi ake.

Inunso mayi, kulalata mpaka mawu kusasa si kulanga. Ana amazolowera phokoso.

Chirunga_4thYear

Madala ulemu wanu, pa nkhani ya kalendala mwalasa, koma pa chikwapu ndikutsutsaniko pang'ono musandikwapule kkkk.

Ife ku Chanco izi timaphunzira mkalasi. Kunali mayi wina wa ku America, Diana Baumrind, amene m'zaka za m'ma 1960 ankatsata ana ang'onoang'ono ndi makolo ao nkupeza kuti makolo alipo a mitundu itatu. Ena ndi olamula basi, malamulo ambiri chikondi chobisa, mwana osafunsa. Ena ndi olekerera, chikondi chambiri malamulo zero. Achitatu amakhala ndi malamulo olimba ndithu koma amafotokoza chifukwa chake, amamumvera mwana akamayankhula, ndipo akanena kuti ukachita chakuti chichitika chakuti chimachitikadi. Mu 1983 akatswiri ena awiri, Maccoby ndi Martin, anaonjezera gulu lachinayi, makolo amene palibe chomwe akupereka, malamulo ayi chikondi ayi, mwana akungodzikulira. Amene ankapezeka kuti akuchita bwino kusukulu komanso kudziletsa paokha ndi ana a gulu lachitatu lija. A makolo olamula basi amakhala omvera pamaso koma amantha, odzikayikira, ndipo ambiri amakhala madolo pobisa zinthu. A makolo olekerera amavutika kudikira, kupirira, kumva mawu oti ayi.

Nde mayi taonani pakhomo panu, funso lanu mwalifunsa ngati njira zilipo ziwiri zokha pomwe mwana wanu akukhala m'maboma atatu nyumba imodzi. Boma la bambo masiku atatu, boma la agogo masana onse, boma lanu madzulo mutatopa ndi geni. Lamulo limodzi lomwelo Loweruka ndi lamba, Lachiwiri ndi mbatata yootcha. Olo ine ndikanakhala iyeyo ndikanangophunzira kuti cholakwa ndi kugwidwa ndi munthu wolakwika.

Pa za kumenya, mu 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka pafupifupi 50 wokhudza ana oposa 160,000, ndipo sanapeze kuti kukwapula kumapangitsa ana kukhala omvera kwa nthawi yaitali, chomwe chinkayendera limodzi ndi kukwapula ndi ndewu, kusamvera ndi mavuto a maganizo. Ndikudziwa Madala anena kuti amenewo ndi ana a azungu. Chabwino, kuli kafukufuku wina wa 2005 amene anachitika m'maiko 6 kuphatikizapo Kenya, India ndi Thailand, anapeza kuti kumene kukwapula ndi chizolowezi cha aliyense mwana sizimupweteka mumtima kwambiri ngati kumene ndi zachilendo, apo Madala ali ndi mfundo, komabe m'maiko onsewo ana omenyedwa kwambiri ndi amene anali aukali ndi ankhawa kuposa anzao. Kuno kwathu kafukufuku wa boma wa 2013 wa nkhanza kwa ana anaonetsa kuti pafupifupi anyamata awiri mwa atatu aliwonse ndi atsikana awiri mwa asanu anamenyedwapo mwankhanza asanafike zaka 18. Chikwapu chikanakhala mankhwala bwenzi dziko lino lilibe mbava.

Sweden inaletsa kumenya ana olo pakhomo mu 1979, ku South Africa khoti lalikulu linagamula zomwezo mu 2019. Sindikuti titengere zonse, ndikungoti si nkhani ya ana a masiku ano okha.

Kabaza_wa_Chinamwali

Aise wa Chanco wabwera ndi maina ovuta kutchula koma zomwe wanenazo ine ndi umboni woyenda ndi miyendo.

Ine ndinakulira kwa ankolo mayi anga atamwalira. Ankolo anali ndi waya wa magetsi wopinda pawiri ankaupachika pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo sunkasowa ntchito, mbale yasweka waya, wachedwa kumjigo waya, wayang'ana moipa waya. Mukuganiza kuti ndinasiya kulakwa? Ayi ndithu, chomwe ndinaphunzira ndi kumva mapazi. Geti ikangolira ndinkadziwiratu kuti lero abwera atalawa kapena ali bwinobwino, ndinkadziwa nkhope yoti ndivale, ndinkavala makabudula awiri mkati nkulowetsa kope la masamu kumbuyoku, tsiku lina waya unangolira kuti phwaa pa kope paja nde anandivula zonse nkuyambiranso kuwerenga kkkkk pano ndimaseka koma nthawi imeneyo sizinali zoseketsa. Bodza ndinafika poti ndinkalikonza ndisanalakwe nkomwe, ndi mboni zake zomwe. Nde mayi mukamati mwana wanu amakana maso ali gwa ine sizikundidabwitsa, kwa iyeyo kuvomera ndi kudzipereka yekha ku lamba, angavomerenji? Munthu amavomera pamene akuona kuti kuvomerako kumupepukitsira mlandu.

Ndili ndi zaka 14 ndinathawa. Ndagonapo pa depoti, ndanyamulapo matumba mumsika, anzanga ena a nthawi imeneyo anakathera ku Chilwa Reformatory ena atakula anakalowa ku ndende yaikulu ija, ndipo ndikuuzeni mwa onsewo panalibe amene anasowa chikwapu kwao, tonse tinali ndi zipsera zofanana. Amene anandibweza ine ndi mayi wina wogulitsa matemba a ku Kachulu, osati wachibale olo pang'ono. Ankandisiya pa benchi ndi nsomba zonse iwo nkupita kukapikula, pobwera ankawerenga milu yomwe yatsala nkuwerenga ndalama pamaso panga mokweza, ikaperewera sankatukwana ankangoti ya nsima yako lero ndi imeneyo, ikakwana ankandipatsa yanga pompo. Tsiku ndi tsiku zomwezo osasintha. Kunali koyamba mmoyo mwanga kudziwiratu mmawa zomwe zindichitikire madzulo.

Koma musamve ngati ndikuchemerera ana olekerera. Amenewonso ndimawanyamula pa njinga yanga daily. Kamwana ka Fomu 1 kundiuza kuti iwe tachova mwachangu, ine munthu wa ana awiri, mayi ake ali pa njinga ina pambalipa akungodina foni osanena kanthu. Ameneyo akadzakula sadzaba mchikwama, adzaba ndi cholembera mu ofesi.

Mayi_wa_awiri (Matawale)

Zikomo nonse, ndikuwerenga ndili pa benchi pano. Achimwene a kabaza mwandiliza. Zoti ndisiye kusunga milandu ndamva, koma amuna anga ndikapanda kuwauza nkudzamva kwa maneba nkhondo yake ikhala ya ine. Nanga agogowa nditani nawo, ndi mayi anga ondibereka sindingawakalipire pamaso pa mdzukulu, komanso ndikawabweza ku Jali mankhwala a BP aziwatsatira ndani.

Abiti_wa_ku_Songani

Achemwali musawabweze amayi, ndipo musayese kuwasandutsa apolisi, sizidzatheka. Kuyambira kale agogo ndi mdzukulu ndi anthu a macheza, nchifukwa chake akumutchula kuti amuna anga, ntchito ya agogo sinakhalepo kulanga. Ntchito yao ndi kumva zomwe mwana sangauze mayi ake. Nde inu mmalo molimbana nawo agwiritseni ntchito, khalani nawo pansi awiriwiri usiku ana atagona muwauze kuti amayi mbatata muzimupatsa palibe vuto, koma ndalama zikusowa ndipo ikutha ndi mpamba wa geni yomwe tikudyera tonse ndi kugulira mankhwala anu, tandifufuzireni kumene zikupita. Muona, zomwe lamba walephera mwezi ndi mwezi agogo azitulutsa ndi nthabwala tsiku limodzi. Chimodzi chokha muwapemphe, inu mukamayankhula ndi mwana iwo asalowerere, akafuna kumutonthoza adikire mumalize.

Chachiwiri, kodi mulibe achimwene anu? Kuno kwathu, kaya ndi Ayao kaya Anyanja kaya Alomwe, mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Mnyamata akafika msinkhu umenewu amayamba kuona mayi ake ngati munthu wongolongolola, bambo akuwaopa, nde pamafunika mwamuna wina amene angayende naye kupita kudimba kapena kumsika akucheza osati kumuzenga. Kwathu zaka ngati zimenezi ndi zomwe anyamata amapita ku ndagala pa holide yaikulu ija, akabwerako amasiya kulowa kuchipinda kwa mayi, amapatsidwa ulemu wa munthu wamkulu komanso ntchito za munthu wamkulu. Sindinama, ena amabwerako ndi ulemu ena amabwerako akudzimva udoda osafunanso kutumidwa, zimatengera alangizi ake ndi amene wamulandira kunyumba. Koma akuluakulu anaona chinthu, kuti pa msinkhu uwu mwana umamukweza udindo, sumangomuonjezera zikwapu.

Za kubazo ndikuuzeni mmene ndinachitira ndi wanga, pano ndi bambo ali ndi banja lake. Anatenga ndalama ya tomato. Sindinamufunse kuti kodi watenga, chifukwa funso limenelo ndi loitana bodza. Ndinangomuuza kuti ndalama yakuti yasowa, ndikudziwa ili kwa iwe, sindikumenya komanso sindiuza bambo ako, koma ibwerera. Ndinagula kope laling'ono nkulemba ngongole yake pamwamba, Loweruka lililonse ankadzuka nane mdima ulipo kupita pamsika, kumwaza madzi, kuunjika milu, kuitanira makasitomala anzake a kusukulu akudutsa akumuona, madzulo ndinkadula pang'ono mkope muja iye akuona mpaka inafika pa zero. Tsiku lomwe inatha ndinang'amba pepala lija nkumugulira chipisi cha pachiwaya. Pambuyo pake anapitiriza kubwera yekha chifukwa tsopano yomwe ankagwirira inali yake.

Inu muli ndi benchi ya kaunjika, ntchito ilipo yambiri, kupinda, kusankha, kuyang'anira akuba anzake kkkk. Mwana amene watuluka thukuta kuti K5000 ikwane amaiona mosiyana. Komanso chikwama chanu muzichisunga pabwino achemwali, osamuyesa dala.

Aphunzitsi_Std6

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Zomba kumudzi, dzina la sukulu ndisatchule. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 pamene ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi, makalasi athu sanapepukepo, ine ndimaima kutsogolo kwa ana oposa 100, nde mitundu yonse ya kaleredwe yomwe wanena wa Chanco ine ndimaiona itakhala pansi mzere umodzi.

Mwana womenyedwa kwambiri kunyumba sindichita kufunsa. Ukangokweza dzanja kuti uloze pa bolodi iye wabisa kale mutu. Ukamufunsa funso olo akudziwa yankho amangoti zii chifukwa kwao kulakwitsa kumalipiridwa ndi thupi. Koma pa buleki ndi yemweyo amene akupezeka atakwera pamsana pa kamwana ka Sitandade 2, ndipo chovuta kwambiri mawu samugwira, ukamuuza mwaulemu amaona ngati sunayambe kuyankhula zenizeni, amadikira ululu kuti adziwe kuti nkhaniyi ndi yaikulu. Wolekerera naye ndimamudziwa, homuweki sanalembe, ukamupatsa chibalo chosesa mawa mayi ake afika ndi ukali kuti mwana wanga si wantchito wanu. Ndipo makolo amatisokoneza, mmawa kubwera bambo kuti aphunzitsi ameneyu muzimukwapula ndakupatsani ufulu, masana kubwera wina kuti mukadzangomukhudza tikaonana kupolisi. Ife kusukulu za boma kukwapula nkoletsedwa, gawo 19 la malamulo aakulu a dziko limakaniza, nde olo bambo apereke chilolezo sichigwira ntchito.

Ana amene sativutitsa si a mabanja olemera kapena a makolo ophunzira ayi. Ena mayi ao sadziwa nkulemba komwe, koma kope amalitsegula madzulo aliwonse kuona ngati muli cholemba chofiira cha aphunzitsi, mwana amadziwa nthawi yofikira pakhomo, amadziwa ntchito yake, ndipo akalakwa amadziwa chomwe chichitike chifukwa dzulo ndi dzana chinali chomwecho.

Mayi, pa za amuna anu. Musawabisire, mwanena zoona kuti zidzakutembenukirani. Koma foni muli nayo, bwanji mlandu uzithera tsiku lomwelo? Mwana walakwa Lachiwiri, inu mwapereka chilango Lachiwiri, madzulo muwaimbire bambo ake muwauze kuti zachitika zakuti ndipo ndathana nazo motere, mumupatse foni mwanayo ayankhule nawo. Akamabwera kumathero a mwezi apeze palibe fayilo. Poyamba adzaona ngati mwawalanda mpando, nde muwauze mwanzeru nokha awiri, osati pamaso pa ana kapena pa amayi anu chifukwa mkamwini akadzudzulidwa apongozi akumva nkhani imasanduka ina. Ngati pali ankhoswe omwe amawamvera adutsireni kumeneko. Ndipo Loweruka lomwe linali la khotilo amutenge mnyamatayo akaonere limodzi mpira womwe akuuberawo, kaya ndi wa ku England pa vidiyo shoo kaya gemu ya Red Lions. Mwanayu bambo ake amawadziwa dzanja lokha.

Chomaliza ndinene monga mphunzitsi. Lamba ngati akusiya mabala, kutupa, kapena mwana akulephera kukhala pansi mkalasi Lolemba, imeneyo yadutsa pa kulanga. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo, ndipo kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Timamva pa wailesi makolo akumangidwa chifukwa chootcha manja a mwana pa nkhani ya ndiwo kapena ndalama yochepa, onsewo ankati akulanga. Nambala ya 116 ndi yaulere, amayendetsa a YONECO omwe likulu lao lili konkuno ku Zomba, ndipo si ya ana okha, kholo litha kuimba kufuna uphungu. Chaka chamawa mwanayu akulemba mayeso a MANEB a Sitandade 8, akufunika mutu wokhazikika.

Madala_a_ku_Sadzi

Aphunzitsi mwayankhula bwino, Abiti nanunso, njira ya kope ija ndaikonda ngakhale kwathu tikanayamba ndi ziwiri za ku miyendo kenako kope. Koma iwe wa Chanco, ku Sweden kwakoko mayi amabwera kunyumba dzuwa litalowa atanyamula belo pamutu? Boma limawalerera ana kumeneko. Ndipo pa Miyambo 13 ndime 24 palembedwa zomveka za kholo lomwe limamana mwana wake chikwapu, kapena ku yunivesite munachotsamo tsamba limenelo?

Chirunga_4thYear

Tsamba lilipo Madala kkkk, lili buku limodzi ndi Aefeso 6 ndime 4 pamene akuuza atate kuti asakwiyitse ana ao, koma pa maulaliki a ukwati ndi a tsiku la anakubala timangomva loyambalo. Komanso mwaona kuti nkhani ya bambo anu mwaifotokoza nokha, ankafunsa kaye, ankalanga tsiku lomwelo, madzulo mbale imodzi, osaitchulanso. Mukachotsapo kamtengo kaja zotsalazo ndi gulu lachitatu la Baumrind ndendende. Inu mukuyamikira kamtengo, ine ndikuganiza kuti inakulerani ndi mbale ija.

Madala_a_ku_Sadzi

Udzabereke kaye mwana wanga, tidzakambirane ali ndi zaka 12.

Kabaza_wa_Chinamwali

Kkkkk Madala atseka nkhani. Koma mayi chinthu chimodzi chomwe palibe wachitchula, vidiyo shoo polowa ndi ndalama yochepa, K5000 singathere pa kuonera mpira olo atalipirira anzake onse a mkalasi. Mukamachapa muyang'ane m'matumba a kabudula ndi mkati mwa makope ngati muli timapepala ta betting. Ana saloledwa kubetcha koma amatuma akuluakulu omwe amakhala pakhomo pa shoo paja nkuwadulira yao, ine ndimaima siteji pafupi ndi malo otere ndimaziona Loweruka lililonse. Ngati si zimenezo fufuzani ngati palibe mnyamata wamkulu amene akumulipiritsa panjira ya kusukulu, ana oopa bambo ao zoterezi sanena. Mukapeza timapepalato musamuonetse kaye, yambani mwawapatsa agogo.